Za Zithunzi za Ukwati ndi Anyamata Ozijambula

Masiku ano palibe ukwati wa mu Mpingo umene utha wopanda wojambula. Kale munthu wofuna cithunzi anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kunka ku Boma kapena ku tauni, nabvala zobvala zace za pa Sabata, naima ciriri pamaso pa mwini kamera. Koma lero mnyamata ali yense wokhala ndi foni ya m'manja ayesedwa mmisiri, ndipo pa tsiku la ukwati muwaona asanu kapena khumi alikupingasa njira ya mbusa ndi ankhoswe. Ine sindidandaula nako kucuruka kwao, pakuti nkwabwino kuti nchito imene inali ya eni cuma okha yafika m'manja mwa ana athu. Cimene ndifuna kukamba mwezi uno ndico zipatso za nchito yaoyo, ndizo zithunzi zimene zipacikidwa m'nyumba za Akristu pakati pa kalendala ndi kalata wa ubatizo. Zambiri za izo sizikoma, ndipo kuipa kwace nkwa mitundu iwiri: kwina kucokera m'kusadziwa, kumene kutha ndi maphunziro, kwina kucokera m'kunyenga, kumene kufuna mankhwala ena.

Nkhaniyi si yaing'ono monga ena ayesa. Mmisiri wa matabwa akalakwitsa mwendo wa mpando, atenga thabwa lina napalanso. Telala akapotoza msoko, aphwasula nasokanso. Koma ukwati sumangidwa kawiri, ndipo wojambula akaononga nchito yace, tsiku lija lapita ndithu. Ndiponso ndalama zimene alandira sizicokera m'thumba lodzala. Pena ndi mbuzi imene yagulitsidwa, pena ndi cimanga cimene cikadaolotsa banja mwezi wa Februwale. Ndipo cithunzico cidzakhala pa khoma zaka 40 kapena 50, kufikira adzukulu amene sanaone agogo ao ndi maso adzaima pansi pace nadzafunsa kuti, Kodi anali otani? Cotero cithunzi ca ukwati ciri mboni, ndipo ciyenera kuyesedwa monga tiyesa mboni pa bwalo la mirandu: kodi cinaona bwino, ndipo kodi cinena zoona?

Colakwa cimene ndicipeza kawiri kawiri koposa zonse ndi ici: deresi la mkwatibwi lioneka bwino lomwe, timaluwa tonse ta pa velo tiwerengeka, koma nkhope yace yasanduka mthunzi wakuda bii, wosaoneka maso kapena mphuno, monga ngati deresilo linadza lokha ku ukwati. Anthu ambiri poona ici angoti, Mwana uyu ngwakuda, kamera imkana. Mau amenewa ngonama, ndipo alasa mitima ya ana akazi ambiri popanda cifukwa. Mlandu uli pa wojambula, amene sanadziwe macitidwe a cipangizo cace. Diso la munthu likapenya nsaru yoyera licepetsa kuwala kolowamo, likapenya nkhope lionjeza, ndipo licita ici msanga kotero kuti mwini wace sazindikira. Koma kamera iyenera kusankha muyeso umodzi wa kuwala pa cithunzi conse. Posankhapo iyang'ana zonse ziri patsogolo pace, nizisanganiza pamodzi, niyesetsa kuti msanganizowo ukhale wotuwa, pakati pa coyera ndi cakuda. Tsono taganizani mkwatibwi waima pa khoma lopaka njereza, wabvala zoyera kuyambira kumutu kufikira kumapazi, ndi ana onyamula maluwa obvala zoyera okha okha. Kamera iona kuyera kocuruka, niti, Kwawalitsa. Ndipo idetsa zonse pamodzi kuti zitsikire pa muyeso wace wotuwa uja. Deresi litsika pang'ono nilioneka bwino, koma nkhope, imene inali kale kumunsi kwa muyesowo, imira mumdima.

Mankhwala ace sagulidwa ndi ndalama. Pa foni, wojambula akhudze ndi cala pa nkhope ya mkwatibwi pa galasi paja asanajambule, pakuti potero auza kamera kuti, Muyeso wako utenge apa. Ndipo pa mafoni ambiri paoneka kadzuwa kakang'ono kamene akhoza kukakweza kapena kukatsitsa kufikira nkhope yaoneka monga aiona ndi maso. Kamera zazikuru ziri ndi poonjezera ndi pocepetsera kuwala, polembedwa zizindikiro zomwe zija ana aziphunzira m'masamu. Nzoona kuti mafoni atsopano azindikira okha nkhope ya munthu, ndipo ena ajambula kangapo m'kamphindi kamodzi nasanganiza zowala ndi zamdima. Ici cithandiza, koma sicicotsa udindo wa kuyang'ana. Ndipo kukakhala kuti nkosatheka kusunga zonse ziwiri, nkhope ndi ulusi wa deresi, wojambula asankhe nkhope. Deresi loyera ndi mwambo wa ku Ulaya, umene unafala kwambiri Mfumukazi Victoria wa ku England atakwatiwa m'zoyera m'caka ca 1840, ndipo kwathu kuno kawiri kawiri likhala lobwereka, labvalidwa kale ndi ena nilidzabvalidwanso Loweruka likudzalo. Koma nkhopeyo nja mwini yekha.

Mdani waciwiri ndiye dzuwa, ndipo pa iye ndifuna kukhalitsapo, cifukwa anyamata ambiri ayesa kuti kuwala kocuruka ndiko kuwala kwabwino. Maukwati athu ambiri acitika m'cirimwe, anthu atakolola, ndipo mpingo uturuka m'nyumba ya Mulungu dzuwa liri paliombo. M'dziko lathu, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa la masana liima pamutu peni peni, kotero kuti munthu aponda mthunzi wace. Kuwala kotsika molunjika cotero kugwa pa mphumi ndi pa nsonga ya mphuno, nikusiya maenje awiri amdima pamene panali maso. Ndipo popeza akwati adzola mafuta ndipo alikutuluka thukuta m'suti yakuda, mphumi inyezimira ngati mbale yacitsulo. Kuonjezera apo wojambula awaimika moyang'ana dzuwa, iwo natsinzina, nakwinya nkhope monga anthu akumva fodya m'maso. Ndaona zithunzi zambiri zotere, ndipo mlendo akhoza kuyesa kuti anthuwa anakwatitsidwa mokakamiza.

Malo abwino ali pafupi, ndipo ali pa nyumba ya Mulungu iri yonse: ndiwo m'mphepete mwa mthunzi. Akwati aime pa khonde, kapena pa khomo peni peni, kuti denga liwachinjirize ku dzuwa la pamutu, koma nkhope zao ziyang'ane kunja kumene kuli thambo loyera ndi bwalo lowala. Pamenepo kuwala kudza kucokera kutsogolo, kofewa ndi kofalikira, nikulowa m'maso, nikuonetsa maonekedwe onse a khungu. Mthunzi wa mango ngwabwino, pokhapo anthu asalowe m'kati kwambiri, kumene kuli mdima. Koma mtengo wa masamba apatali patali uwaza maanga pa nkhope ndi pa deresi, munthu nafanana ndi nyalugwe. Kukacita mdima mbali imodzi ya nkhope, ana awiri agwire nsaru yoyera ya pa kama kunja kwa mthunzi, kuti dzuwa ligunde pa nsarupo nilibwerere kwa akwati. Ojambula a m'mizinda yaikuru agula zipangizo zodula za nchito yomweyi, ndipo sizicita coposa nsaruyo. Amene akhoza kudikira adikire kufikira 4 koloko madzulo, dzuwa litapendeka, pakuti pamenepo kuwala kucokera cammbali ndipo khungu lakuda lioneka ndi ulemerero wace wonse.

Kuti owerenga atsimikize kuti khungu lathu liribe mlandu, ndinene za kampani ya Kodak ya ku America, imene inapanga filimu yambiri yojambulira m'masiku a makolo athu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampaniyo inatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi cithunzi ca mkazi wa Cizungu, kuti alinganizirepo makina ao. Ndipo makhadiwo dzina lao linali Shirley, kutsata dzina la mkazi woyamba kujambulidwapo. Khungu la mkaziyo likaoneka bwino, makina anayesedwa okonzeka, ndipo za khungu lakuda panalibe wofunsa. Mphunzitsi wina wa sukulu ya ukacenjede ku Canada, Lorna Roth, analemba m'caka ca 2009 kuti ena a iwo amene anakakamiza kampaniyo kukonza filimu yace anali ogulitsa mipando ya matabwa ndi ogulitsa cokoleti, amene anadandaula kuti katundu wao wofiirira ndi wakuda sasiyanitsika m'zithunzi. Thabwa linamveka msanga koposa munthu. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyana linaturuka pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo m'caka ca 2021 kampani ya Google inalengeza kuti yakonza kamera ya mafoni ace a Pixel kuti ijambule bwino anthu akuda, kumene kuli kubvomereza kuti kale sinali kutero. Tsono mnyamata wa kwathu adziwe kuti cipangizo ciri m'manja mwace cinaleredwa kwina, ndipo ayenera kucilangiza.

Akafuna citsanzo ca mmisiri woona, sayenera kucifuna ku Ulaya. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali munthu dzina lace Seydou Keïta, amene anayamba ndi umisiri wa matabwa, nalandira kamera yace yoyamba m'caka ca 1935, natsegula malo ace ojambulirapo pa bwalo la kwao m'caka ca 1948. Iyeyu anakonda kujambula panja ndi kuwala kwa tsiku, napacika nsaru kumbuyo kwa anthu, ndipo nsaru yace yoyamba inali copfunda ca pa kama pace. Popeza filimu inali yodula, kawiri kawiri anajambula munthu kamodzi kokha. Anamwalira m'caka ca 2001, ndipo zithunzi zace zaonetsedwa m'nyumba zazikuru za zaluso ku Paris ndi ku New York. Pali cimodzi ca izo, ca m'zaka za m'ma 1950, cimene ndikhumba wojambula ukwati ali yense akadacipenya nthawi yaitali: mnyamata wabvala jekete loyera, magalasi m'maso, colembera m'thumba la pacifuwa, ndipo wagwira duwa m'dzanja. Bvuto lomwe lija la coyera ndi cakuda liri pomwepo, koma jekete lioneka ndi mapindo ace, ndi nkhope ioneka ndi zonse zace, kuyambira kuwala kwa pa tsaya kufikira kufatsa kwa m'maso. Inde, cithunzico nca mitundu iwiri yokha, wakuda ndi woyera, ndipo mwina wina adzati nchito yace inali yopepuka. Koma dzuwa la ku Bamako silisiyana ukali ndi la ku Nsanje, ndipo cimene cinampambanitsa ndico kuti anayang'ana asanajambule. Anyamata athu ajambula mazana mazana pa ukwati umodzi, nayembekeza kuti mwa mwai cimodzi cidzakoma. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ngakhale m'dziko lathu lino nchitoyi iri ndi makolo ace. Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku wa pa Mishoni ya Blantyre, anali mmodzi wa anthu akuda oyamba kugwira kamera kuno, ndipo zina za zithunzi za John Chilembwe ndi Mishoni yace ya ku Mbombwe anajambula ndiye, nkhondo ya 1915 isanabuke. Sanadziwe kuti alikusungira mtundu wonse nkhope zimene udzazifuna.

Zolakwa zina nzapafupi, ndipo sindidzatayapo mau ambiri. Wojambula ayang'ana akwati naiwala za kumbuyo kwao, kotero kuti mtengo wa magetsi umera pamutu pa mkwati, kapena cimbudzi ca sukulu ciima pa phewa la mkwatibwi; akadasuntha mapazi awiri kunka kumanzere zonsezi zikadacoka. Ena apendeketsa foni dala, nayesa kuti ndilo luso, ndipo nyumba ya Mulungu ioneka ngati irikugwa. Ena adula mapazi, nasiya thambo lopanda kanthu theka la cithunzi. Ena ayandikira kwambiri, osadziwa kuti diso la foni likuza cimene ciri pafupi nalo, ndipo mphuno ya mkwatibwi itupa, makutu nathawira kumbuyo. Koposa nkubwerera mapazi atatu kapena anai. Ndipo ambiri sapukuta konse kagalasi ka kamera, kamene kagona m'thumba tsiku lonse nikagwidwa ndi zala za ndiwo, ndiye cifukwa cace zithunzi zao zikhala ngati zinajambulidwa m'nkhungu.

Za kaimidwe ka akwati ziri ndi kulemera kwina. Zithunzi zakale zionetsa anthu ouma ngati asilikari pa perete, ndipo ici cinali ndi cifukwa cace, pakuti pamene luso la Daguerre linalengezedwa ku Paris m'caka ca 1839, munthu anayenera kukhala osagwedezeka nthawi yaitali kuti cithunzi cigwire. Cifukwa cimeneco cinatha kale. Koma anyamata a lero athawira ku mbali yina: aona pa intaneti zimene acita anthu a maiko ena, nalamulira mkwati kuti anyamule mkwatibwi m'manja, kapena kuti ampsompsone pakamwa, apongozi ali pomwepo alikuyang'ana pansi ndi manyazi. Cotsatira cace cioneka m'cithunzimo: milomo iseka koma mapewa aumirira, ndi maso afuna kothawira. Mkwatibwi wa kwathu waphunzitsidwa ndi alangizi kuti tsiku limenelo adekhe, asaseke mwacisawawa, ndipo kudekha kumeneko kuli nako kukoma kwace, kumene mmisiri ayenera kukugwira m'malo mwa kukupitikitsa ndi kupfuula kuti, Sekani! Akafuna kumwetulira koona, aimike akwati moyandikana, mapewa atapendekera kwa wina ndi mnzace pang'ono, manja atagwirana kuti mphete zioneke, ndipo awalankhule za cinthu cina, kapena alole nkhoswe inene mau oseketsa. Pamenepo nkhope zimasuka zokha, ndipo iye akhale wokonzeka.

Ndiyeneranso kudzudzula kasankhidwe ka zojambula. Ndikatsegula buku la zithunzi za ukwati wa masiku ano, ndipeza masamba ambiri a perekani-perekani, anthu alikubvina ndi kuponya ndalama, ndi galimoto yokongoletsedwa kucokera mbali zonse zinai, ndi keke yekha pa tebulo. Koma ankhoswe, amene anayenda maulendo onse ndipo adzaitanidwa usiku banjalo likagwedezeka, sindiwapeza, kapena ndipeza theka la mutu wao m'mphepete. Agogo amene analera mkwatibwi anakhala pa mkeka kuseri kwa msasa, ndipo palibe anawakumbukira. Komatu mwa onse anali pa ukwatiwo iwo ndiwo adzayamba kusowa. Wojambula wanzeru afunse kusanace maina a iwo oyenera kujambulidwa, nawalembe pa pepala, napemphe mbale mmodzi wodziwa anthu kuti aziwaitana. Akuru akhale pa mipando kutsogolo, ana pansi, anyamata aime kumbuyo; ndipo pa gulu lotere pokha ndibvomera kuti ajambule kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, cifukwa pa anthu makumi awiri sipalephera wina wophethira. M'nyumba ya Mulungu ayambe wapempha kwa mbusa malo oimapo, ndipo akhale pomwepo. Kuyendayenda pakati pa mbusa ndi akwati pa nthawi ya malumbiro, ndi kuwang'animitsa nyali m'maso alikupemphera, ndi cipongwe cimene akuru a Mpingo acilekerera nthawi yaitali.

Tsopano ndifike ku colakwa ca mtundu waciwiri, cimene ciposa zonsezi. Kukonza cithunzi citajambulidwa si cinthu catsopano. Ojambula a ku Ulaya anali kufafaniza makwinya ndi pensulo pa magalasi ao zaka za m'ma 1800 zisanathe. Koma inali nchito yocedwa, ya amisiri owerengeka. Pulogalamu ya kompyuta ya Photoshop inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1990, ndipo lero ana ace ndi adzukulu ace ali m'foni iri yonse, ena a iwo aulere monga Snapseed, kotero kuti cimene cinafuna mmisiri cicitika ndi cala cimodzi. Sinditi kukonza konse nkoipa. Kuongola cithunzi copendeka, kudula m'mphepete mopanda nchito, kuonjeza kuwala pa nkhope imene kamera inaidetsa, kubwezera deresi kuyera kwace pamene mthunzi unalisandutsa lobiriwira: zonsezi ziri kuthandiza mboni kuti inene bwino cimene inaona. Ngakhale nchenche yotera pa velo, kapena kaciphuphu kamene kanaturuka m'mawa wa tsikulo ndipo kakadapola Sabata lisanathe, zikhoza kucotsedwa popanda mlandu, pakuti siziri za munthuyo. Malire ali apa: cimene cipita cokha cicotsedwe, koma cimene munthu anabadwa naco, kapena cimene zaka zamlemba, cisiyidwe.

Anyamata athu alumpha malire amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo makamaka pa kuyeretsa khungu. Ndaona cithunzi ca mtsikana amene ndinamphunzitsa zaka zitatu, ndipo ndinafunsa kuti mkwatibwiyu ndani. Nkhope yace inali yofiira ngati papaya lakupsya, yosalala ngati sopo, yopanda ngakhale kamzere kamodzi; koma khosi ndi manja zinatsala zakuda monga Mulungu anazipanga, kotero kuti anaoneka ngati wabvala cigoba. Ojambula akafunsidwa ayankha kuti, Ndi zimene eni ace afuna. Kapena nzoona kuti ena afuna; koma ndani anawaphunzitsa kufuna? Mtsikana akaona kuti akwatibwi onse a pa makoma a m'mudzi ngoyera, ndipo iye yekha m'kalirole ngwakuda, ayamba kudziyesa wopunduka, ndipo mapazi ace alunjika ku msika kumene agulitsa mafuta oyeretsa khungu, amene ena a iwo ali ndi mankhwala oononga thupi. Cotero cala ca wojambula cigwirizana ndi wogulitsa mafutawo, cingakhale sicidziwa. Owerenga Mau a Mulungu akumbukira kuti mkwatibwi wa m'Nyimbo ya Solomo achula kuda kwace ndi kukongola kwace m'mpweya umodzi. Ndipo ana a m'kalasi adziwa cimene lamulo lacisanu ndi cinai linena za mboni. Sindiona cifukwa cace lamulolo liyenera kumanga lilime lokha ndi kumasula kamera.

Zaka zapitazi kwadzanso mapulogalamu a nzeru za makina, amene achuka ndi dzina la AI, ndipo awa ngoopsya mwa njira yina. Akapatsidwa cithunzi cosaoneka bwino, sabweza cimene cinatayika, pakuti ico catayika ndithu; koma alota, potengera nkhope zambirimbiri za anthu ena zimene anazionapo, nalemba maso ndi mano atsopano pa nkhope ya mbale wanu. Cithunzico cituruka cowala ndi cakuthwa, anthu nazizwa. Koma mukayang'anitsa, mpata uja wa pakati pa mano, umene mwamuna wace anamkondera, watsekedwa, ndi mphini za pa masaya a agogo zafafanizidwa monga litsiro. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndi zipangizo zomwezi munthu wathunthu acotsedwa pa gulu. Ku Russia, m'masiku a Stalin, nduna yina dzina lace Nikolai Yezhov inaphedwa m'caka ca 1940, ndipo pambuyo pace inafafanizidwa m'cithunzi m'mene inali kuyenda pambali pa Stalin m'mphepete mwa ngalande, pamalo pace napakapo madzi. Ife tiwerenga ici ndi kunyansidwa. Koma kodi cisiyana bwanji ndi kucotsa malume wosauka pa cithunzi ca banja cifukwa jekete lace linali lazigamba?

Cotsala ndico kusintha malo. Akwati amene anamangitsa ukwati wao m'nyumba ya njerwa zimene amai ao anasenza pamutu, muwapeza m'cithunzi ataima patsogolo pa nyumba zosanja za mzinda umene sanauone, kapena pa mathithi, kapena pambali pa ndege, mapazi ao ali lende m'malere opanda mthunzi. Pano wina wodziwa mbiri akhoza kunditsutsa, nati, Nanga Keïta amene mwamtamayo, kodi sanali kubwereka anthu wailesi, wochi ndi njinga yamoto, kuti aoneke olemera? Anaterodi, ndipo sindikana kuti m'menemo munali kudzionetsera. Koma pali kusiyana. Munthu uja anadza yekha pa tsiku wamba kudzasewera ndi maloto ace, nagwira wailesi yeni yeni ndi manja ace eni eni, ndipo nkhope imene anapita nayo kwao inali yace. Cithunzi ca ukwati ciri ndi nchito yina, ndiyo kucitira umboni pangano limene linacitika pa malo akuti, pamaso pa anthu akuti. Akwati akafuna cimodzi ca masewera, cokhala ndi ndege, acite, ndipo onse adzadziwa kuti ndi nthabwala; koma cisalowe m'malo mwa cija ca pa khomo la nyumba ya Mulungu, ndipo wojambula asataye coyamba cimene kamera inagwira, cosakhudzidwa, kuti banja likadzatopa ndi ndegeyo lidzapeze pobwerera.

Kwa inu anyamata amene mufuna kukula m'nchitoyi ndinena kuti, ukwati wa munthu si malo ophunzirirapo. Mphunzitsi sayamba kuyesa njira yatsopano pa tsiku la mayeso. Pemphani mlongo wanu apfunde nsaru yoyera, ndi mnzanu abvale jekete lakuda, ndipo muwajambule pa bwalo m'mawa, masana ndi madzulo, padzuwa, pa khonde ndi patsinde pa mtengo. Lembani m'kope nthawi ndi malo a cithunzi ciri conse, ndipo muzilinganize pamodzi kufikira mutadziwa, musanakweze foni, cimene kuwala kwa malo akuti kudzacita. Mukatero perekezani wojambula wamkuru maukwati angapo, mumnyamulire cikwama, muone pamene aima. Ndipo pofika tsiku lolandira nchito yanu yanu, panganani ndi eni ukwati poyera, pamaso pa nkhoswe, za mtengo, za ciwerengero ca zithunzi zotsuka, ndi za tsiku lozipereka. Ndipo pitani dzulo lace kukaona khonde ndi kumene dzuwa lidzakhala.

Kwa eni zithunzi ndinena za kasungidwe. Cithunzi cokhala m'foni mokha ciri pa ngozi, pakuti foni ibedwa, igwa m'madzi, ndipo ikalamba msanga koposa mbuzi. Ndiponso WhatsApp icepetsa cithunzi pocitumiza mwa njira ya masiku onse, kotero kuti cioneka bwino pa galasi laling'ono koma cikatsukidwa cacikuru cituruka cophwanyikaphwanyika. Pemphani wojambula akupatseni zeni zeni pa memori khadi, kapena azitumize monga document, ndipo zisungidwe pa malo awiri. Zitatu kapena zinai zofunika koposa zitsukidwe pa pepala labwino. Kumbuyo kwace mulembe ndi pensulo, mosakanikiza, maina onse a oimapo kuyambira kumanzere, mudzi, tsiku ndi caka, ndi dzina la mbusa. Inki ibooleza pepala niononga nkhope. Felemu ipacikidwe pa khoma losafikapo dzuwa la pa zenera kapena utsi wa kukhichini, ndipo isagunde khoma limene licita cinyontho m'dzinja. Kamodzi pa caka, mvula isanayambe, muitsitse ndi kuyang'ana kumbuyo kwace cifukwa ca ciswe.